Kuyamba thanki ya makorali m'madzi amchere ndi kuisamalira

Amene munawetapo mbuna m'thanki yagalasi mukudziwa kuti nsomba za m'nyanja ya Malawi n'zopirira. Mukaiwala kusintha madzi kwa masabata awiri, izo zimangokuyang'anani n'kumapempha chakudya. Thanki ya makorali, tinyama ta m'nyanja yamchere tomata pamiyala tooneka ngati zomera, siitero. Pamatanthwe a pansi pa nyanja yamchere, monga a ku Bazaruto kapena ku Quirimbas m'dziko la Mozambique, madzi a lero amafanana ndi a dzulo: mchere womwewo, kutentha kosasiyana kwenikweni. Zamoyo za kumeneko sizinazolowere zinthu zosinthasintha. Ndiye ntchito yanu yeniyeni ndi yosunga madzi kuti azikhala chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Madzi akakhazikika, nsomba ndi makorali zimadzikulira zokha.

Chitsanzo chimene ndigwiritse ntchito ndi thanki ya malita 150, yokhala ndi nsomba zinayi kapena zisanu ndi makorali ofewa.

Gawo loyamba: magetsi

Anzathu a ku Ulaya akamalangiza za ntchitoyi amayamba ndi kukula kwa thanki. Kwa munthu wokhala ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, kumene magetsi amatha kuthima kwa maola angapo, funso loyamba ndi lakuti: magetsi akapita, madzi aziyenda ndi chiyani? Pampu ikaima, mpweya umayamba kutha m'madzimo, ndipo madzi amchere, ofunda, amasunga mpweya wochepa kusiyana ndi madzi ozizira opanda mchere. Nsomba zikhoza kuyamba kufa patangopita maola ochepa. Nyali ingathe kukhala yozima masiku awiri kapena atatu makorali osafa, koma madzi asaime.

Werengerani motere. Batire ya 12V ya 100Ah, mukamagwiritsa ntchito theka la mphamvu yake kuti isaonongeke msanga, ingayendetse kapampu ka mawati 20 kupitirira tsiku lathunthu. Mukalumikizako hita ya mawati 150, batire yomweyo yatha pasanathe maola anayi. Choncho ku batire kapena ku sola lumikizani pampu yokha. Kukazizira, fundikani thanki ndi bulangete. Gulaninso kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi, n'kukasunga pafupi pomwepo.

Kwathu kuno vuto lalikulu si kuzizira ayi, koma kutentha kwa mwezi wa October ndi November. Madzi ayenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26. Akakhalitsa pa 29 kapena 30, makorali amataya tindere ting'onoting'ono timene timakhala m'thupi mwawo n'kumawapangira chakudya kuchokera ku kuwala. Amayera mbee, kenaka n'kufa. Kafani koomba pamwamba pa madzi kamatsitsa kutentha ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Zikavuta, yandamitsani mabotolo otseka a madzi oundana. Wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Tete aganize za makina oziziritsa madzi asanagule china chilichonse, apo ayi angoweta mbuna.

Gawo lachiwiri: thanki ndi pamene ikhale

Anthu ambiri amaganiza kuti kathanki kakang'ono ndiko kosavuta. Zoona zake n'zakuti m'kathanki ka malita 30, madzi akauma lita imodzi yokha, mchere wakwera kale, ndipo nkhono imodzi ikafera kuseri kwa mwala yaononga madzi onse. Malita 100 mpaka 200 amakupatsani mpata wokonza cholakwa chisanaphe kanthu. Sankhani thanki yotambalala osati yakuya kwambiri, kuti kuwala kuzifika pansi ndiponso kuti dzanja lanu lizifika pamchenga.

Thanki ya malita 150 ikadzaza madzi, miyala ndi mchenga imalemera kuposa makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga atakhala pamalo amodzi. Tebulo wamba sangathe. Pezani choikapo cholimba, chosapendekeka ngakhale pang'ono, chifukwa galasi likamalemedwa mbali imodzi limang'aluka. Ngati n'chachitsulo chipakidwe penti bwino, poti mchere umadya chitsulo. Pasakhale pomwe dzuwa limaomba, komanso pasakhale pafupi ndi khitchini.

Zingwe zonse za magetsi zizitsika kaye pansi kenaka n'kukwera kupita ku soketi, kuti dontho la madzi likamatsetsereka pachingwe ligwere pansi osalowa m'soketi. Madzi amchere amadutsitsa magetsi kwambiri, ndipo inu muzipisamo mkono kawirikawiri. Uzani wamagetsi akuikireni chozimitsa chimene chimadula magetsi chokha akayamba kutayikira.

Gawo lachitatu: madzi ndi mchere

Apa m'pamene ndalama zambiri zimathera, ndipo m'pamene oyamba kumene amafuna kudula njira. Madzi a pampopi ali ndi klorini, nthawi zina phosphate, silicate ndi mkuwa wochokera m'mapaipi. Madzi a pamjigo alibe klorini koma ali ndi zina zosungunuka zimene simungazione. Kwa munthu n'ngabwinobwino. M'thanki ya makorali amabala ndere zosatha, ndipo mkuwa ngakhale wochepetsetsa umapha nkhono ndi makorali. Mufunika sefa ya RO/DI, imene imachotsa zosungunuka m'madzi, ndi kachipangizo koyezera TDS, komwe ndi kuchuluka kwa zosungunukazo. Madzi otuluka m'sefayo azionetsa 0. Sefayi imataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yabwino, ndiye lozetsani paipi ya madzi otayikawo m'mgolo kuti muzithirira ndiwo zamasamba. Kumene madzi a pampopi amabwera mofooka, sefayi imafuna kapampu kowonjezera mphamvu.

Mchere wa kukhitchini kapena wa miyala wa kumsika sugwira ntchito. Pamafunika mchere wopangidwira mathanki a makorali, wokhala ndi calcium, magnesium ndi zina zonse za m'madzi a m'nyanja: Red Sea, Tropic Marin ndi Instant Ocean ndi ena mwa maina odziwika. Kwa okhala ku South Africa kapena ku Britain umapezeka m'masitolo a nsomba zoweta. Wa ku Malawi kapena ku Zambia awerengere bwino za kuitanitsa, chifukwa mcherewu ndi wolemera. Lita iliyonse imafuna magalamu pakati pa 35 ndi 38. Kudzaza thanki yathu koyamba ndi makilogalamu asanu ndi theka, ndipo kusintha malita 15 sabata iliyonse kumadya makilogalamu pafupifupi 28 pachaka. Ngati simukuona bwino kumene mcherewo uzichokera chaka chonse, imani kaye pomwepa.

Posakaniza, yambani mwathira madzi m'chigubu cha pulasitiki choyera chimene sichinasungirepo sopo, mafuta kapena mankhwala. Mchere ndiwo uzithiridwa m'madzi pang'onopang'ono pampu ikuvundula. Mukathira madzi pamulu wa mchere, calcium imasanduka fumbi loyera losasungunukanso. Siyani pampu iyende kwa maola angapo, kenaka yezani ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi. Mulingo wake ndi 1.025 kapena 1.026, womwe ndi magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi. Gulaninso kabotolo ka madzi oyesera a 35 ppt, ndiye kuti a mulingo womwewo wa magalamu 35 pa kilogalamu, kuti muzitsimikiza ngati chipangizocho chikunena zoona. Refractometer yonama imakupusitsani miyezi yambiri inu mukudabwa chimene chikufooketsa makorali.

Mfundo imodzi imene ambiri amaphonya: madzi akamauma, mchere suuluka nawo. Pobwezera madzi amene auma, thirani madzi a RO/DI opanda mchere. Lembani kachizindikiro pagalasi ndipo muzibwezera tsiku lililonse kufika pamenepo. Madzi amchere ndi a tsiku losintha madzi basi.

Gawo lachinayi: miyala, mchenga ndi zipangizo

Miyala ya m'thankiyi si yokongoletsa chabe. Ndi yobooka timabowo tambirimbiri, ndipo m'timabowomo ndi mmene mumakhala mabakiteriya oyeretsa madzi. Pa malita 150, makilogalamu 12 mpaka 15 akwana. Mwala wamoyo, wochokera m'thanki ina, umabwera ndi mabakiteriya kale komanso ungabwere ndi alendo osaitanidwa. Mwala wouma ndi wotsika mtengo, wopanda tizirombo, koma umachedwa kukhwima. Kwa woyamba ndimakonda wouma, n'kuonjezerapo kamwala kamodzi kamoyo kochokera kwa munthu amene thanki yake mwaiona ndi maso anu. Miyala ya kumtsinje kapena ya kuphiri ayi.

Miyala ikhale pagalasi lapansi penipeni, mchenga uthiridwe pambuyo. Mukaiika pamwamba pa mchenga, nsomba yokumba idzaigumula. Siyani mapanga ndi mipata yodutsa madzi, komanso danga loti dzanja lizipukuta galasi mbali zonse. Mchenga ukhale wa aragonite, wotsukidwa bwino, wokhuthala masentimita awiri kapena atatu.

Mapampu onse pamodzi azikankha madzi kuwirikiza ka 20 kukula kwa thanki pa ola, ndiye kuti malita 3,000 pa ola pa thanki yathu. Mapampu awiri ang'onoang'ono oyang'anizana amaposa imodzi yaikulu, ndipo pamwamba pa madzi pazichita timafunde. Nyali ikhale ya LED yopangidwira makorali, yokhala ndi kuwala kwa buluu. Hita ya wati imodzi pa lita ndi yokwana, ndipo choyezera kutentha chikhale chapadera, osadalira manambala a pa hita. Skimmer, chipangizo chochotsa litsiro mwa thovu, imathandiza, koma pa thanki ya nsomba zochepa imene mumasintha madzi mokhulupirika mukhoza kuyamba opanda iyo. Chivundikiro cha neti ndiye musachiiwale: nsomba zambiri za m'matanthwe zimalumpha zikadzidzimuka.

Gawo lachisanu: kudikira

Thanki yadzaza, madzi ayera, mapampu akuyenda, ndipo alendo akufunsa kuti nanga nsomba zili kuti. Auzeni abwere mwezi wamawa.

Ndowe za nsomba ndi chakudya chowola zimatulutsa amoniya, yomwe ndi poizoni. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, gulu linanso limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yomwe siiopsa ikakhala yochepa. Mabakiteriyawa ayenera kuswana kaye, ndipo kuti aswane afunika chakudya. Thirani ammonium chloride mpaka choyezera amoniya chionetse 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni), kapena ponyani kachidutswa kakang'ono ka nsomba yaiwisi ya m'nyanja yamchere kuti kawolere momwemo. Mabakiteriya ogulitsidwa m'mabotolo amafulumizitsako zinthu. Nyali ikhale yozima nthawi yonseyi.

Yezani masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kumalemba m'kope. Muona amoniya ikukwera kenaka n'kutsika, nitrite ikutsatira, pomaliza nitrate ikuonekera. Kawirikawiri zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mayeso otsiriza ndi awa: thiraninso amoniya, ikatha yonse pasanathe maola 24, nitrite nayo n'kukhala pa 0, thanki yakonzeka kulandira zamoyo. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo kuti nitrate itsike.

Kale anthu ankaponyamo nsomba yolimba kuti iyambitse ntchitoyi ndi ndowe zake. Ndi nkhanza zopanda phindu, poti amoniya imawotcha makha a nsomba.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: nyengo yonyansa

Mukayatsa nyali, pakangopita masiku ochepa mchenga ndi miyala zikutidwa ndi fumbi lofiirira. Walira mvula walira matope. Ndi tindere totchedwa diatoms, timadya silicate, ndipo ikatha timatha tokha. Pambuyo pake zingabwere ndere zobiriwira zonga tsitsi. Apa ambiri amataya mtima n'kuyamba kuthira mankhwala osiyanasiyana, kumene kuli kusokonezanso madzi. Yambani ndi maola asanu ndi limodzi a kuwala kochepa, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka asanu ndi atatu kapena khumi. Zulani ndere ndi manja, ndipo ino ndiyo nthawi yolowetsa antchito: nkhono za Trochus zisanu kapena zisanu ndi imodzi za pagalasi ndi pamiyala, ndi za Nassarius zitatu zofukula mchenga. Musagule zambiri nthawi imodzi, chifukwa ndere zikatha zimafa ndi njala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'miyezi iwiri imeneyi mudzakhala ndi nthawi yokwanira yowaona.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: nsomba

Yambani ndi nsomba ziwiri za clownfish za mtundu wa ocellaris, zoswedwa m'mathanki osati zogwidwa m'nyanja. N'zolimba ndipo zinazolowera kale chakudya chogula. Gulani zing'onozing'ono: imene ikule kwambiri idzasanduka yaikazi, inayo idzakhala yaimuna, moti simuvutika kusankha. Sizifuna anemone, nyama yooneka ngati duwa imene zimabisalamo kunyanja, kuti zikhale ndi moyo. Anemone ndi ya thanki yokhwima, ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Imayenda yokha, imaotcha makorali, ndipo ikalowa m'pampu imaononga madzi onse usiku umodzi.

Pakatha masabata awiri kapena atatu mungaonjezere nsomba imodzi, kenaka n'kudikiranso chimodzimodzi. Royal gramma, firefish ndi yellow watchman goby ndi zoyenera. Blue tang imene ana amaikonda ija imakula mpaka masentimita 30 ndipo imafuna malo osambira aatali. M'malita 150 ndi kuizunza. Mandarin ndi yokongola zedi koma imadya tizamoyo ting'onoting'ono ta m'miyala tsiku lonse, ndipo m'thanki yatsopano imawonda mpaka kufa. Damsel n'zotchipa komanso zolimba, koma chifukwa cha ndewu yake mudzalakalaka mutazichotsa, ndipo kuzigwira kumafuna kugumula miyala yonse.

Nsomba yatsopano iliyonse iyambe yakhala milungu inayi m'kathanki kapadera ka malita 40 kapena 50, kokhala ndi kasefa, hita ndi zidutswa za paipi zobisalamo. Matenda a timadontho toyera, obwera ndi kachirombo ka Cryptocaryon, akalowa m'thanki yaikulu mulibe mankhwala oti muthiremo, chifukwa mankhwala odalirika ndi a mkuwa, ndipo mkuwa umapha makorali, nkhono ndi nkhanu, n'kumamatira m'miyala. Chotsalira n'kuchotsa nsomba zonse, thanki n'kukhala yopanda nsomba kwa masiku 76 kuti kachiromboko kafe ndi njala. Kathanki kapaderako n'kotchipa poyerekeza ndi chintchito chimenecho.

Polowetsa nsomba, yandamitsani thumba kwa mphindi 15 kuti kutentha kufanane, kenaka muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kwa theka la ola. Nsomba ilowe yokha, madzi a m'thumba atayidwe. Dyetsani kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya chotha pa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Gawo lachisanu ndi chitatu: makorali

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, manambala anu akamaoneka osasuntha sabata ndi sabata, gulani tizidutswa tiwiri kapena titatu ta makorali ofewa: a mtundu wa bowa otchedwa Discosoma, a chikopa otchedwa Sarcophyton, kapena zoanthid. Green star polyps ndi Xenia amamera ngati udzu wa m'dimba, ndiye apatseni mwala wawo wapadera kuti asalande thanki yonse. Acropora, wa nthambi zolimba uja amene amaoneka m'zithunzi, musiyireni chaka chamawa kapena chinacho.

Gulani oberekedwa m'mathanki. Mukapita kokacheza kunyanja, musathyole korali kapena kutola miyala pamatanthwe. Bazaruto ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo makorali onse a mafupa olimba ali pa ndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, moti kuwaolotsa malire popanda chilolezo ndi mlandu.

Kachidutswa kalikonse kaviikidwe kaye m'mankhwala otsukira makorali, ndipo kayang'anitsitseni ngati kali ndi Aiptasia, kanthu kofiirira konga kaduwa kamene kamaswana mofulumira n'kumaotcha anzake. Kaikeni pansi kaye pamene kuwala n'kochepa, n'kumakakweza pakapita masiku. Kakatseka kwa masiku awiri musakasunthesunthe. Sarcophyton amatha kutseka sabata yonse akamafundula khungu.

Chenjezo lenileni ndi ili. Makorali ena a mtundu wa Palythoa ndi zoanthid ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa kwa munthu. Valani magolovesi ndi zoteteza maso powagwira kapena powadula, ndipo musawiritse kapena kuthira madzi otentha pamwala umene pamera makoraliwa. Nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala.

Gawo lotsiriza: ntchito ya masiku onse

Tsiku lililonse onani kutentha, bwezerani madzi ouma, werengani nsomba podyetsa. Sabata iliyonse pukutani galasi, sinthani malita 15 ndi madzi ofanana mchere ndi kutentha, tsukani siponji ya sefa ya m'thanki ngati muli nayo, ndipo yezani. Manambala oti muzilondola ndi awa: pH (muyeso wa asidi m'madzi) pakati pa 7.9 ndi 8.4, alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha) pakati pa 8 ndi 9 pa muyeso wa dKH, calcium 400 mpaka 450 ppm, magnesium 1,250 mpaka 1,350 ppm, nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Nitrate ndi phosphate zisafike pa 0 weniweni, poti makorali nawo amadya zimenezi. Pa zonsezi, alkalinity ndiyo yoti muziiyang'anitsitsa. Ndi makorali ofewa, kusintha madzi kokha kumaibwezeretsa. Mukadzayamba a mafupa olimba idzayamba kutsika msanga, ndipo poikweza musapitirire 1 dKH patsiku. Chimene simunayeze musachithire. Miyezi itatu iliyonse tsukani mapampu m'viniga kuti laimu womata achoke.

Musanapise dzanja m'madzi, tsukani mkono ndi madzi okhaokha, opanda sopo, ndipo ngati mwadzola mafuta valani magolovesi aatali. Mankhwala opopera udzudzu ndi makoilo ofukiza ndi poizoni kwa nsomba ndi nkhanu. M'chipinda cha thanki asaloweko, ndipo uzani aliyense wa pakhomo, kuphatikizapo wothandiza ntchito za m'nyumba.

Mukamachoka kwa masiku angapo, musasinthe chilichonse m'thanki sabata yonyamukayo. Yezeranitu chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala tapadera, n'kubisa botolo lalikulu, chifukwa wosamalira wachifundo amaona ngati nsomba zili ndi njala n'kukhuthulira theka la botolo. Musiyireni chigubu cha madzi opanda mchere cholembedwa bwino, muonetseni kachizindikiro ka pagalasi kaja, ndipo ayeserere pamaso panu kuyatsa kapampu ka mabatire.